Vayolini wakale wa alamu anga

Alamu anga anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa kalipentala, popeza katundu amene anaitanitsa pa intaneti anali atafika ndipo ankafuna kumupangira felemu. Katunduyo anali nsalu yojambulidwa ndi penti wa mafuta, yokulungidwa m'katoni yaitali ngati paipi, ndipo atayitambasula pa benchi tinaona vayolini wakale wopachikidwa pa chitseko chobiriwira, kumbuyo kwake kuli pepala la nyimbo lopindika, m'mbali muli mahinjesi a dzimbiri, ndipo m'munsi muli envulopu ya buluu. Chithunzichi ndi chokopera ku chithunzi chotchedwa The Old Violin, chimene William Michael Harnett, wojambula wa ku America, anajambula mu 1886, ndipo chenichenicho chimasungidwa ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington.

"Alamu, ichitu si cha makina ayi," anatero iwo akundigwira pa mkono. "Chajambulidwa ndi dzanja la munthu, khudzani mumve pentiyo."

A kalipentala anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Ndiye bambo, ndalama zonsezi mwagulira chitseko chakutha ndi dzimbiri? Mukadanena, changa chili kuseriku." Tonse tinaseka, koma ineyo mtima sunakhale m'malo, ndipo mpaka usiku uno nkhaniyi ikundizungulirabe m'mutu.

Choyamba kundivuta chinali kukula kwake. Luso lonse la Harnett linagona pa kunyenga diso, ndipo pofuna kutero ankajambula chinthu pa msinkhu wake weniweni, atachisendeza pafupi ndi woonera kuti mthunzi wa msomali uoneke ngati ukugwera pa khoma la m'nyumbamo. Chithunzi chenichenicho ndi chotalika masentimita 96.5, ndipo pamene chinaonetsedwa mumzinda wa Cincinnati ku America mu 1886, anthu ankayesa kumatula ndi zikhadabo kachidutswa ka nyuzipepala kojambulidwa pachitsekopo, moti panaikidwa mlonda woti aziwaletsa. Alamu anasankha chaching'ono pafupifupi theka pofuna kuchepetsa mtengo, choncho vayolini uja akuoneka ngati choseweretsa cha ana, ndipo palibe mlendo amene adzatambasule dzanja kuti atole envulopuyo. Wokoperayo dzimbiri analikhoza ndithu, ming'alu ya thabwa anaitsata bwino, koma chinyengo chimene chinapatsa chithunzichi mbiri chinatsalira ku Washington.

Nditawauza zimenezi, alamu anayankha kuti bola chawocho ndi chapamanja, kusiyana ndi mapepala osindikizidwa amene amagulitsidwa pamsika. Ndinawakumbutsa kuti Frank Tuchfarber, amene anagula chithunzichi ku Cincinnati, sanachedwe kuchisindikiza chambirimbiri ndi makina, ndipo ndi makope amenewo amene anachitchukitsa m'nyumba za anthu ku America. Sanakondwe nazo, ndipo anayamba kufunsa mitengo ya matabwa.

Koma chimene chandikhalira kwambiri ndi envulopu ija. Harnett sanasaine pakona monga amachitira ojambula ambiri, koma analemba dzina lake ndi keyala yake ya ku New York pa envulopuyo, ngati kuti ndi kalata imene wangoilandira. Kotero aliyense wokopera chithunzichi mokhulupirika amakakamizika kulemba dzina la Harnett ndi dzanja lake, chilembo ndi chilembo. Ndinatembenuza nsaluyo kufunafuna dzina la amene anagwira ntchitoyi, koma kumbuyo kunali nambala ya oda yolembedwa ndi pensulo basi, ndipo pakatoni panangolembedwa kuti katunduyo wachokera ku China. Kumeneko kuli malo monga Dafen, mumzinda wa Shenzhen, kumene kuyambira mu 1989 anthu ambirimbiri amadya za kukopera zithunzi zotchuka pamanja, ndipo ambiri mwa ogula sadziwa n'komwe kuti burashi anaigwira ndani.

Maganizo anandithawira kwa John Frederick Peto, mnzake wa Harnett wa ku Philadelphia, amene nayenso ankajambula mabuku ong'ambika, makandulo otsala pang'ono kutha ndi makalata akale. Peto anasamukira ku Island Heights m'chigawo cha New Jersey mu 1889 ndipo anamwalira mu 1907 ali wosadziwika kwenikweni. Amalonda ena achinyengo analemba dzina la Harnett pa zithunzi zake kuti zigulidwe pa mtengo wokwera, ndipo zinakhala choncho mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene Alfred Frankenstein, katswiri wolemba za zojambula, anafufuza n'kuzibwezera kwa mwini wake. Peto anapeza womuyankhulira ngakhale anali atagona kale. Uyu wa nambala ya pensulo sindikuona amene adzamufunefune, chikhalirecho anathera masiku akupenta dzimbiri limene mwina analionera pa foni chabe.

Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa modekha kuti, "Nanga mpando mwakhalirawo, amene anaupanga mukumudziwa dzina?" A kalipentala anavomera ali chiweramire pa tepi yawo kuti nawonso salemba maina pa zitseko zimene amapanga, ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Ndinasowa choyankha, ngakhale ndikuonabe kuti pali kusiyana, pakuti pa mpando sipalembedwa dzina la munthu wina.

Za felemu sitinamvane. Alamu akufuna yopaka utoto wa golide kuti igwirizane ndi makatani a pabalaza, pamene a kalipentala akuti chitseko chakutha chotere chimafuna thabwa la mbawa lopanda zokongoletsa, ndipo ine ndili mbali yawo. Atiuza kuti tibwerenso Lachisanu, achemwali anga atachiona kaye, popeza alamu sanawauzebe mtengo wake.