Ightham Mote pa thebulo langa: denga latha, madzi akundivutabe

Papita masabata 19 chiyambireni kumanga kanyumba kofanizira Ightham Mote, ndipo sabata ino ndi yoyamba imene chinthu chili pa thebulo langachi chayamba kuoneka ngati nyumba yoti munthu angagonemo, osati mulu wa makatoni odulidwa. Kwa inu amene simunawerenge zolemba zanga zoyamba, Ightham Mote ndi nyumba yakale ya mabanja olemera yomwe ili kumudzi m'chigawo cha Kent ku England, pafupi ndi tauni ya Sevenoaks, ndipo mbali yake yakale kwambiri inamangidwa m'zaka za m'ma 1300. Ngalande yaikulu ya madzi yaizungulira mbali zonse zinayi, pakati pake pali bwalo loyalidwa miyala, ndipo zipinda zake ndi zoposa 70. Ndikuimanga pa muyeso woti sentimita imodzi ikuimira mita imodzi, pa thabwa lalikulu limene ndasiyapo malo a kapinga, a dimba ndi a khola la akavalo.

Ntchito yaikulu ya masabata atatu apitawa inali denga. Nyumbayi inafoleredwa ndi matailosi adothi ang'onoang'ono, a mtundu umene amisiri a ku Kent ankaukoleka ndi tizikhomo tamtengo, ndipo kuti ndiwafanizire ndakhala ndikudula katoni yopyapyala m'timizere, n'kumacheka kamzere kalikonse pamamilimita awiri alionse, kenako n'kumamata timizereto kuyambira m'munsi kukwera kumtunda, kena kusanjika pamwamba pa kanzake. Ulendo woyamba ndinagwiritsa ntchito rula mosamala kwambiri, mizere yonse inawongoka bwino, ndipo nditamaliza mbali ya kum'mwera ndinaona kuti ndalakwitsa. Denga lija linkaoneka ngati la nyumba yomangidwa chaka chatha. Nditabwerera ku zithunzi zimene ndinajambula tsiku limene ndinakaona nyumbayi, ndinapeza kuti palibe mzere umodzi wa denga lake umene uli woongoka: msana wa denga unabwanyuka pang'ono pakati, matailosi ena anada ndi ndere, ena ndi ofiirira ngati njerwa yopsa bwino, ndipo machumuni sali pa mtunda wofanana. Ndinamatula zonse zimene ndinamata, ntchito ya madzulo asanu ndi limodzi, n'kuyambiranso. Ulendo uno ndinayamba ndapala msana wa denga ndi sanipepa kuti ukhale ndi kachigwa, ndipo penti ndinasakaniza ya mitundu inayi, n'kumapaka ndi burashi youma kuti mtundu usafanane ponseponse. Kanyumba kanga koyamba, zaka zingapo zapitazo, kanali kofanizira Mandala House ya ku Blantyre, yomwe inamangidwa mu 1882, ndipo kumeneko rula inandithandiza kwambiri pa khonde ndi mizati yake. Dzanja linazolowera kuwongola, ndipo landitengera nthawi kuti lisiye.

Kupindika kumeneku kuli ndi chifukwa chake, ndipo n'chimene chinandikopa kuti ndisankhe nyumbayi pakati pa zambiri za mtundu wake. Mabanja ambiri olemera a ku England, chuma chikawachulukira, ankagwetsa nyumba ya makolo awo n'kumanga yatsopano yooneka mofanana kumanja ndi kumanzere, yokhala pamtunda kuti odutsa aione. Ightham Mote ili m'kachigwa, yobisika ndi mitengo, ndipo eni ake onse motsatizana anangowonjezera pa zimene anapeza. Richard Clement, yemwe ankatumikira kubwalo la Mfumu Henry VIII, anaigula mu 1521, ndipo m'nthawi yake ndi mmene siling'i ya chipinda chimene pambuyo pake chinakhala tchalitchi cha banja inajambulidwa duwa la rozi la banja lachifumu la Tudor pamodzi ndi makangaza, chizindikiro cha Mfumukazi Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa mfumuyo. Banja la Selby linaigula mu 1591 n'kukhala nayo mpaka 1889, pafupifupi zaka 300, ndipo chipinda chochezera cha m'mwamba chili ndi mapepala akukhoma ojambulidwa pamanja ochokera ku China. Motero khoma limodzi limayamba ndi mwala wotuwa wa m'deralo, limapitirira ndi mitanda ya mtengo wa oak yokhala ndi pulasitala pakati, ndipo penapake limathera pa njerwa. Pa kanyumba kanga zimenezi zatanthauza kuti sindingadule zenera limodzi n'kulijambulira ena onse, chifukwa pafupifupi lililonse ndi la m'badwo wake. Ndadula mazenera 41 mpaka pano, ndipo a m'bwalo la pakati sindinawayambe.

Funso limene linandiimitsa masiku angapo ndi lakuti kanyumbaka kaimire chaka chiti. Mnzanga wina amene timakonda limodzi ntchito ya manjayi anandiuza kuti ndingofanizira mmene nyumbayi ikuonekera lero, popeza zithunzi zake n'zosavuta kupeza. Sindinagwirizane naye, ngakhale kuti mfundo yake ndi yomveka. Lero m'nyumbayi muli zingwe zotchinga alendo, zikwangwani ndi njira yoti anthu azitsata poyenda, ndipo zonsezi n'zofunika kuti isawonongeke, koma zimabisa mfundo yakuti kwa zaka zoposa 600 munali anthu amene ankadzuka m'mawa, kukangana, kulera ana ndi kuika maliro. Ine ndikufuna nyumba ya banja. N'chifukwa chake ndasankha chaka cha 1892, pamene Thomas Colyer-Fergusson, yemwe anaigula mu 1889, anali atangomaliza kuikonza kuti ikhale yoti banja lolemera la m'nthawi yake lingakhalemo mwa mtendere. Iye anaikamo mabafa ndi njira yotenthetsera zipinda, ndipo chipinda china chosungiramo katundu wakale anachisandutsa chosewereramo biliyadi. Zambiri mwa zimenezi sizioneka kunja, koma chimodzi chimaoneka bwino lomwe m'bwalo la pakati, ndicho kanyumba ka galu komangidwa ndi mitanda mofanana ndi nyumba yaikuluyo, kamene anamangira galu wamkulu wa mtundu wa St Bernard dzina lake Dido. Kanyumba ka galuko kali m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo ku England, gulu limenenso muli matchalitchi akuluakulu. Ndakamanga ndi zotsalira za thabwa la balsa, kutalika kwake sikufika pa chala changa chaching'ono, ndipo ndi mbali ya ntchitoyi imene yandisangalatsa koposa zonse.

Posankha 1892 ndadziikiranso udindo wina umene sindinauganizire poyamba. Nyumba ya zipinda 70, yokhala ndi minda, nkhalango ndi maiwe, sinkayenda yokha. Kuti bwana ndi dona apeze madzi otentha m'bafa, panali wina amene analawirira kukoleza moto. Kuti kapinga aoneke wosalala, panali amuna amene ankamutchetcha. Kuti ngalande isadzale matope ndi masamba, panali ogwira ntchito yonyowa ndi yozizira. Zofanizira zambiri za nyumba zoterezi zimene ndaona zimaonetsa makoma ndi maluwa okha, ngati kuti ulemerero unamera wokha ngati bowa. Ine ndaganiza kuti pa anthu 14 ang'onoang'ono amene ndidzaike pa thabwali, atatu okha ndiwo adzakhale a m'banjalo, ndipo otsalawo adzakhala antchito: mtsikana wonyamula ndowa ya malasha akudutsa pabwalo, wosamalira dimba ali ndi wilibala, mnyamata akutsogolera kavalo kuchoka kukhola lomwe lili kutsidya kwa ngalande, moyang'anana ndi nsanja ya pachipata. Ndayamba kuwaumba ndi waya wopyapyala wokutidwa ndi dongo louma lokha, ndipo asanu atha, kungotsala penti.

Pamene ndikumata tizidutswa timeneti ndimakumbukira zimene banjali linali lisanazidziwe m'chaka chimenecho. Riversdale, mwana wa Thomas Colyer-Fergusson, anabadwa mu 1896, ndipo anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse pafupi ndi Ypres ku Belgium mu 1917 ali ndi zaka 21, n'kupatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali olimba mtima ku Britain, atamwalira kale. M'tchalitchi cha m'nyumbamo muli mtanda wamtengo womukumbukira, ndipo nditauona ndinakhala chiimire nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Bambo ake anamwalira mu 1951, mdzukulu amene analandira nyumbayi sanathe kuisunga chifukwa cha kukwera kwa ndalama zoisamalira, ndipo katundu wa m'kati anagulitsidwa pa okushoni. Panali mantha akuti igwetsedwa, mpaka amuna atatu a m'deralo anasonkherana n'kuigula kuti aipulumutse. Mu 1953 inagulidwa ndi Charles Henry Robinson wa ku Portland, m'boma la Maine ku America, yemwe anaisiyira National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale, atamwalira mu 1985. Bungweli linayamba kuikonza mu 1989 n'kumaliza mu 2004, ndipo ntchitoyo, imene inaphatikizapo kuphwasula mbali zina n'kuzibwezera mwakale, inadya ndalama pafupifupi mapaundi 10 miliyoni. Ndikamva anthu akulakalaka kugula nyumba yotereyi kuti azikhalamo ndi ana awo, ndimawamvetsa ndithu, pakuti inenso nditaima pamlatho wa pachipata ndinalakalaka chimodzimodzi. Koma chiwerengero chimenechi chimandiuza kuti mtengo wogulira ndi gawo laling'ono chabe, ndipo chimene chinatopetsa eni ake ndi chinyezi, mitanda yofumbwa ndi denga lofuna mmisiri chaka ndi chaka.

Chinyezi chomwecho chandipeza nanenso pa thebulo. Makoma a Ightham Mote amatuluka m'madzi mwenimweni, popanda kamtunda pakati, ndipo kukongola kwa nyumbayi kwagona pa mmene imaonekera kawiri, m'mwamba ndi m'madzi. Ndinkafuna kuti ngalande yanga ichite chimodzimodzi, choncho ndinasankha resin, mankhwala amadzimadzi amene akauma amalimba n'kumaonekera ngati galasi. Loweruka lapitali ndinathira yambiri nthawi imodzi, pafupifupi sentimita yathunthu, ndipo panachitika zinthu ziwiri. Pa ngodya ya kumpoto chakum'mawa panali kampata kamene sindinakaone, mankhwala aja anadontha n'kulowa pansi pa thabwa, ndiponso chifukwa resin imatentha ikamauma, katoni ya m'munsi mwa khoma la kumpoto inafewa n'kupindikira kunja. Ndataya khoma limenelo kuyambira pamadzi kufika pa mazenera oyamba, ndipo ndakhala madzulo awiri ndikupala zouma ndi mpeni kuti ndisawononge mlatho. Zinandiwawa kwambiri, makamaka chifukwa miyala ya khomalo ndinaizokota umodziumodzi ndi nsonga ya singano.

Tsopano ndasintha njira. Ndadula khoma latsopano pa pulasitiki yopyapyala m'malo mwa katoni, kufikira pamene madzi amalekezera, ndipo ngodya zonse ndazitseka ndi guluu kawiri, n'kuyesa ndi madzi wamba usiku wathunthu kuti ndione ngati pali podontha. Pansi pa ngalande ndapakapo penti yobiriwira modera yosakaniza ndi yofiirira, yakuda kwambiri pafupi ndi makoma, chifukwa madzi enieni a kumeneko si abuluu ayi, ndi akuda, ndipo kuda kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti chithunzi cha nyumba chioneke bwino pamwamba pake. M'munsi mwa makoma ndajambula kamzere kobiriwira ka ndere kosonyeza pamene madzi amafika. Resin ndizithira mamilimita awiri okha pa ulendo, n'kudikira tsiku lathunthu ndisanathirenso, ndipo ndikuyembekezera kuti maulendo anayi akwana. Ngati pakati panu pali amene anagwiritsapo ntchito mankhwalawa pa malo aakulu chonchi, ndingakonde kumva mmene munachotsera timathovu ta mpweya popanda kuyandikiza moto pa katoni, pakuti njira ya singano imene ndikugwiritsa ntchito ikuchedwa kwambiri.

Zotsala ndi zambiri. Mazenera a m'bwalo la pakati, kuphatikizapo lalikulu la holo yomwe yayang'anana ndi chipata, akufuna timizere ta mtovu timene ndikuganiza zojambula ndi inki pa pulasitiki yoonekera. Khola la akavalo lili pa pepala pokha. Mitengo ya m'mbali mwa chigwa ndiipanga ndi waya wopota ndi siponji yopera, koma ndiyamba ndayesa itatu kuti ndione ngati sikuphimba nyumba. Usiku uno ndithira resin ya ulendo woyamba, ndipo ndaika kale bokosi loti ndivundikire thabwa lonse kuti fumbi lisagwere pamadzi asanaume.