Zolemba za Omaha: masamu a straight flop isanatsegulidwe

Gawo loyamba la tebulo la masamu a Omaha, mtundu wa masewera a makhadi a poker, latha tsopano. Muli ma rundown, kutanthauza makhadi anayi otsatizana, kuyambira AKQJ mpaka 6543 ndi ena a mpata umodzi. Funso lake ndi ili: ukapatsidwa makhadi anayi, mwayi woti flop, makhadi atatu oyamba otsegulidwa patebulo, ikubweretsere straight yathunthu (makhadi asanu otsatizana) ndi wochuluka bwanji, ndipo mwa ma straight amenewo ndi angati omwe palibe straight ina ingawapose? T akuimira 10 monga mwa masiku onse.

Masamu onsewa atsamira pa lamulo limodzi la Omaha: awiri a m'manja, atatu a patebulo, osachulukitsa, osachepetsa. Amene wachokera ku hold'em, poker ya makhadi awiri m'manja, amapunthwa pomwepa. Wagwira JT98, flop yabwera J-T-9, maso akuona makhadi otsatizana okhaokha, koma straight palibe. Patebulo pali J, T ndi 9, ndiye m'manja mukufunika KQ, Q8 kapena 87, ndipo iwe uli ndi 8 yekha wopanda mnzake. Chomwe uli nacho ndi two pair (mapeya awiri) ndi ma out 8, makhadi omwe angamalize straight yako: ma Q anayi ndi ma 7 anayi. Q akagwa upanga straight, koma wa AK wakudya kale.

Nambala yogawira ndi 17,296. Makhadi osaoneka ndi 48, ndipo njira zosankhira atatu mwa iwo ndi 48 × 47 × 46 kugawa ndi 6. Mu spreadsheet ndi COMBIN(48,3). Nambala ya 19,600 imene imapezeka m'matebulo ambiri ndi ya hold'em, komwe osaoneka ndi 50. Ukaigwiritsa ntchito kuno, yankho lililonse lituluka lochepa.

Kawerengedwe kake sikovuta. Ma straight onse alipo 10, kuyambira 5432A mpaka AKQJT. Tenga iliyonse payokha, uone makhadi ako angati akulowamo. Ngati ndi m'modzi kapena palibe, idumphe. Ngati ndi awiri, flop yake ndi imodzi yokha, manambala atatu otsalawo. Ngati ndi atatu, flop iyenera kubweretsa awiri omwe ulibe komanso m'modzi mwa atatu ako, ndiye mitundu ya flop ndi itatu. Ngati onse anayi akulowa, pakufunika m'modzi amene ulibe ndi awiri mwa anayi ako, ndiye mitundu ndi 6.

Kenaka mtundu uliwonse uupatse kulemera kwake. Nambala yomwe ulibe m'manja ili ndi makhadi anayi mu paketi, yomwe uli nayo yatsala ndi atatu. Choncho flop ya manambala atatu achilendo imabwera m'njira 4 × 4 × 4 = 64, ya achilendo awiri ndi wako m'modzi 4 × 4 × 3 = 48, ya wachilendo m'modzi ndi ako awiri 4 × 3 × 3 = 36. Ukasunga 64, 48 ndi 36 m'mutu, tebulo lonse ukhoza kulimanga papepala.

JT98 imayenda chonchi. AKQ: 64. KQ ndi J, T kapena 9: 3 × 48 = 144. Q ndi awiri mwa anayi ako: 6 × 36 = 216. 7 ndi awiri mwa anayi ako: 216. 76 ndi T, 9 kapena 8: 144. 765: 64. Zonse pamodzi 848, ndipo 848 kugawa ndi 17,296 ndi 4.90%, kamodzi pa ma flop 20 kapena 21. JT ya hold'em imapeza 256 mwa 19,600, yomwe ndi 1.31%.

848 yomweyo ndi ya T987, 9876, 8765 ndi 7654. Ku 7654 flop yotsiriza ndi A-2-3, poti A amasewera pansinso. Kupitirira apo mpanda umayamba kudula. QJT9 ndi 6543 zili ndi 784, kapena 4.53%. KQJT ili ndi 640, 3.70%. AKQJ ili ndi 424 yokha, 2.45%, theka lenileni la JT98, chifukwa pamwamba pa A palibe kopita.

Munthu akalekera pomwepa aganiza kuti 7654 ndi JT98 n'zofanana, ndipo zonse zikuposa KQJT. Apa ndi pomwe ndime yachiwiri ya tebulo ikufunika, ya nuts, straight yomwe palibe straight ina ingaipose. Patebulo la anthu asanu ndi m'modzi pali makhadi 20 m'manja mwa anzako, ndipo straight yachiwiri ndi imene imamaliza ndalama, chifukwa ndi yovuta kuitaya.

Kuti udziwe ngati uli ndi nuts, yang'ana flop yokha kaye, ufunse kuti makhadi awiri opambana onse pamenepa ndi ati, kenaka uone ngati uli nawo. Pa JT98 ma flop olephera ndi asanu. K-Q-J uli ndi T9 koma AT ikuposa. K-Q-T uli ndi J9 koma AJ ikuposa. Q-J-T uli ndi 98, pansi penipeni, AK ndi K9 zonse zili pamwamba pako. Q-J-9 uli ndi T8 pomwe KT ilipo. Q-T-9 uli ndi J8 pomwe KJ ilipo. Amenewa ndi 48 + 48 + 36 + 36 + 36 = 204. Chotsa pa 848, patsala 644, kapena 3.72%. Taonani kuti theka la pansi lonse, ma flop 424 omwe ali ndi 7, ndi nuts okhaokha. Vuto lonse lili ku ma flop omwe agwa pamwamba pa makhadi ako.

Zotsatira za ma rundown zatuluka motere:

AKQJ: 424, nuts 424
KQJT: 640, nuts 640
QJT9: 784, nuts 676
JT98: 848, nuts 644
T987 mpaka 7654: 848, nuts 580

Wopambana pa nuts ndi QJT9, 3.91%, osati JT98. KQJT, imene imaoneka yotsalira kwambiri pa ndime yoyamba, ikusiyana ndi JT98 ndi ma flop anayi okha pa nuts, ndipo siipanga straight yachiwiri pa flop n'kamodzi komwe. Kwa T987 kutsika pansi, 268 mwa 848 si nuts, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. T987 yataya 64 poyerekeza ndi JT98 pa chifukwa chimodzi chokha: flop yake ya pamwamba ndi K-Q-J, pomwe AT ikuidikira, pamene ya JT98 ndi A-K-Q, denga lenileni. Maganizo anga ndi akuti ndime yoyamba ija ndi yongoyambira masamu. Posankha makhadi olowa nawo mu pot (ndalama zobetcherana) yokwezedwa, ndime ya nuts ndiyo yoyenera kuyang'ana.

Mpata umodzi suchotsa zambiri monga anthu amaganizira, koma malo a mpatawo ndi nkhani. JT97 ndi J987 zonse zili ndi 776, 4.49%. Pa nuts, JT97 ili ndi 572 pomwe J987 ili ndi 508. JT87, ya mpata pakati, ili ndi 760 ndi nuts 556. Chifukwa chake chikuoneka pa flop ya Q-T-9 kapena Q-J-T. J987 imafuna T kuti itseke mpata wake, ndipo T akabwera ndi makhadi akuluakulu, iwe umakhala kumunsi kwa straight. JT97 mpata wake ndi 8, ndipo 8 akagwa pamodzi ndi Q, kaya Q-J-8, Q-T-8 kapena Q-9-8, straight yotheka ndi imodzi yokha ndipo ndi yako. Malangizo akale oti mpata uzikhala pansi ali ndi masamu ake, kusiyana kwa ma flop 64.

Khadi lachinayi likakhala losagwirizana ndi anzake, monga JT92, zitsika kufika 560, 3.24%. JT99 ili ndi 512, 2.96%, poti ma 9 atsala awiri ndipo flop iliyonse yofuna 9 imalemera 32 m'malo mwa 48. JT22 ili ndi 256 basi, 1.48%.

Pali msampha umodzi womwe ma rundown osadukiza samauonetsa, ndipo umatulukira pa makhadi ngati JT76. Ukatsata ndondomeko ija mwachimbulimbuli upeza 672: ma straight 6 a makhadi awiri, 384, kuphatikiza 144 ya JT987 ndi 144 ya T9876. Koma flop ya T-9-8 yawerengedwa kawiri, koyamba ndi J7, kachiwiri ndi 76. Ya 9-8-7 nayonso kawiri, ndi JT komanso ndi T6. Flop imodzi siingalowe kawiri ngakhale ikupatse ma straight awiri. Chotsa 96, yankho loona ndi 576, 3.33%. Njira yopewera ndi kulemba manambala atatu a flop iliyonse pamzere wakewake, kuyambira wamkulu, kenaka kufufuta obwereza usanachulukitse. Pa kompyuta, itertools.combinations ya Python imatulutsa ma flop onse 17,296 m'kanthawi kochepa. Choyenera kusamala n'chakuti pulogalamuyo iyese mapeya 6 a m'manja payekhapayekha. Ikangosakaniza makhadi 7 onse n'kusakamo asanu otsatizana, ikhala ikusewera hold'em, ndipo idzawerenga Q-2-2 ngati straight ya JT98 chifukwa cha makhadi omwe lamulo silikuloleza.

Mawu oti nuts mu tebuloli akunena za ma straight okha. Flop ya manambala atatu osiyana siingakhale ndi full house (atatu ofanana ndi peya), koma ikhoza kukhala ya chizindikiro chimodzi, ndipo pamenepo flush, makhadi asanu a chizindikiro chimodzi, ili pamwamba. Mwa 848 a JT98, otero ndi 50 ngati makhadi ako onse ndi a zizindikiro zosiyana, 54 ngati ali double suited, awiriawiri a chizindikiro chimodzi. Ndi pafupifupi imodzi pa 16.

Kufika pa river, khadi lachisanu la patebulo, ndi ntchito ina, ndipo yatheka pa JT98 yokha. Makhadi asanu a patebulo amabwera m'njira 1,712,304. Apa kuwerenga kawiri kumachuluka zedi, ndiye njira yabwino ndi kugawa potengera kuti mwa makhadi 12 otsala a J, T, 9 ndi 8, agwa angati. Chothandiza n'chakuti straight iliyonse ya JT98 imafuna Q kapena 7 patebulo. Akagwa asanu, palibe kanthu. Akagwa anayi, njira ndi 495 × 8 = 3,960. Akagwa atatu, 54,528. Akagwa awiri, 217,968, ndipo zambiri mwa izi ndi 54 × 3,864, kutanthauza manambala awiri osiyana ndi Q kapena 7 mwa atatu enawo. Akagwa m'modzi, 143,688: T kapena 9 amalandira KQ ngakhalenso 76, koma J amafuna KQ kapena 765 yathunthu, ndipo 8 amafuna 76 kapena AKQ yathunthu. Pakapanda kugwa aliyense, AKQ kapena 765, 25,200 mbali iliyonse, 50,400. Zonse 470,544, kapena 27.5%.

Nambala imeneyi ndi yoitenga mosamala. Ikungonena kuti straight ilipo pa river, osati kuti yapambana. Muli matebulo a peya, a makhadi atatu a chizindikiro chimodzi, ndi ena omwe nuts ya pa flop yasanduka yachiwiri pa turn, khadi lachinayi. Ikuganizanso kuti ukhalamo mpaka mapeto, zomwe mu pot limit, komwe ungabetche mpaka kukula kwa pot, sizichitika ulere.

Mtunda wa pakati pa 4.9% ndi 27.5% umadzazidwa ndi ma draw, pomwe ukudikira khadi loti limalize straight, makamaka ma wrap, ma draw a ma out ambiri. Flop ikatsegulidwa, osaoneka ndi 45, ndipo turn ndi river zimabwera m'njira 990. Mwayi wopeza out ndi 1 kuchotsa mwayi wophonya kawiri konse. JT98 pa 7-6-2 ili ndi ma out 13: ma T atatu, ma 9 atatu, ma 8 atatu, ma 5 anayi, onse nuts. Ophonya ndi 32, COMBIN(32,2) ndi 496, ndiye mwayi ndi 49.9%. JT86 pa 9-7-2 ili ndi 16, onsenso nuts, 59.0%. JT76 pa 9-8-2 ndiyo wrap yaikulu ya ma out 20, 69.7%, koma J kapena T akagwa uli pansi pa QT kapena QJ, ndiye a nuts ndi 14 okha. Pa pot ya anthu ambiri, 16 oyera aja ndi abwino kuposa 20 amenewa.

Chizolowezi cha hold'em chochulukitsa ma out ndi 4 chimanama kuno. Pa 8 chimapereka 32 pomwe zoona ndi 32.7, palibe vuto. Pa 13 chimapereka 52, chapitirira pang'ono. Pa 20 chimapereka 80, kusiyana kwa 10 yathunthu, chifukwa chimawerenga kawiri nthawi zomwe turn ndi river zonse ndi ma out. Ndipo ngati flop ili ndi makhadi awiri a chizindikiro chimodzi chomwe iwe ulibe, ma out omwe akumaliza flush achotsedwe masamu asanayambe. Pa 7♥ 6♥ 2♣, 5♥ ndi ma heart a T, 9 ndi 8 amatsitsa 13 ija kufika 9.

Zotsala patebulo ndi ndime ya ma wrap, yowerenga ma flop angati mwa 17,296 omwe amapatsa rundown iliyonse ma out 13 kupita m'mwamba, ndi river ya makhadi a mpata. Omaha ya makhadi asanu idzafuna tebulo lakelake, poti kumeneko mapeya a m'manja ndi 10 ndipo nambala yogawira ndi 16,215.