Kapuchi wa m'mapira a ku Ngabu

Tidanyamuka ku Blantyre mbandakucha pa minibasi. Mmene tinkatsika zitunda zokhotakhota kulowera pa Thabwa, jekete ndidali nditavula kale. Kutentha kwa ku chigwa cha Shire kumakulandira usanaoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu. Tidadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndipo ku Ngabu ndidakafika dzuwa lili paliwombo.

Amalume adangodikira kuti ndimwe madzi, basi tiyeni kumunda. Mapira awo adali obiriwira ndithu, koma apa ndi apo nsonga zidali zitauma, masamba ali ndi timabowo tondondozana.

"Mphwanga, taona chandithera mapira," adatero uku akung'amba phesi ndi mpeni.

M'kati mudali njira yodzaza ndi zitosi zonga utuchi. Kumapeto kwake kudali mphutsi yoyererako, ya mutu wofiirira, ya timadontho takuda msana wonse. Ndidaiika pachikhatho, ikuphiriphitha. Iwo amati kapuchi. Ku Dedza kumene ndimakhala nakonso timati kapuchi, komatu wathu uja ndi wofiirirako thupi, ndipo madontho ake saoneka chonchi.

Nzosiyanadi, ngakhale onse awiri ndi mphutsi zimene zikakula zimasanduka akadziwotche. Wa kumtunda kozizira kawirikawiri amakhala Busseola fusca, mbadwa ya muno mu Africa, wa m'banja la Noctuidae. Wamadonthoyu ndi Chilo partellus, wa m'banja la Crambidae, la akadziwotche a m'maudzu. Dzina la mtunduwu, Chilo, adapereka ndi katswiri wa tizilombo Zincken mu 1817, ndipo katswiri wina, Swinhoe, adalongosola partellus mu 1885. Kale banja lonse la Crambidae ankaliwerengera m'kati mwa banja lina, la Pyralidae, kenaka akatswiri adalipatula. Akadziwotche a Chilo amafanana kwambiri moti pofuna kuwasiyanitsa akatswiri amachita kuunika ziwalo zawo zoberekera pa maikolosikopu.

Chimene chidandikhudza n'chakuti kachirombo kamadonthoka kwawo ndi ku Asia, cha ku India ndi Pakistan, ndipo mu Africa muno kadayamba kuoneka m'dziko lathu lino cha m'ma 1930. Nditawauza amalume, adakhala chete kanthawi.

"Ndiye kuti agogo ako adayamba kulima mapira iyeyu kulibe?"

Usiku tidakhala pakhonde, nyali ili pampando. Kadabwera kakadziwotche kotuwa ngati udzu wouma, n'kutera pakhoma. Mapiko kadawapinda mothina m'thupi, kumutu kuli kosongoka ngati kamlomo. Katatera paphesi louma, ndithu simungakaone. Sindidafune kukapha, ndidangokayang'anitsitsa mpaka kadauluka.

M'mawa tidakambirana za mapesi. Mphutsizi zimagona m'mapesi ouma chilimwe chonse kudikira mvula, ndiye kuwasiya chiimire m'munda n'kusungira mdani mbewu. Ndidatchulanso za nsenjere zobzala m'mphepete mwa munda, zimene zimakopa kadziwotche kuti akaikire mazira kumeneko. Amalume adati nsenjere ziliko kudimba, akadula zina mvula ikayandikira.

Pobwerera adandipatsa kathumba ka mapira a chaka chatha. Phesi long'amba lija ndidalikulunga m'pepala, ndikaonetse anzanga ku Dedza.