Momwe ndinapezera mapepala a usilikali a agogo anga ku RAF

Mapepala a usilikali a agogo anga aamuna afika tsopano kuchokera ku Britain, ndipo ndaganiza zolemba momwe ndinayendera mtima ukadali wotentha, chifukwa ndikudziwa kuti alipo mabanja ena kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene mbiri yawo ikufanana ndi yathu. Agogowo, bambo awo a mayi anga, anali mzungu wa ku England amene analowa m'gulu la asilikali a ndege la RAF pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhondo itatha anabwera ku Nyasaland nagwira ntchito yokonza makina pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene anakumana ndi agogo aakazi, ndipo anamwalira komweko m'zaka za m'ma 1970 ine ndisanabadwe. Za usilikali wawo tinkangomva pamaliro ndi pa maukwati, aliyense akuwonjezera zake. Ena ankati ankaulutsa ndege ku Burma, ena ankati anawomberedwa ku Egypt, koma panalibe amene anali ndi pepala lotsimikizira.

Musanalembe fomu iliyonse, pezani nambala ya usilikali ya wachibale wanuyo. Msilikali aliyense wa RAF ankapatsidwa nambala yakeyake, ndipo mafayilo anasanjidwa motsatira nambalayo. Ife tinaipeza m'sutikesi yachitsulo imene azakhali, mkulu wawo wa mayi anga, amasunga pansi pa bedi, itadindidwa pa kambale kakang'ono kofiira kamene asilikali ankavala m'khosi, pamodzi ndi dzina ndi chipembedzo chawo. Ngati kwanu kulibe kanthu kotere, yang'anani kumbuyo kwa zithunzi, pa makalata akale, kapena m'kabuku kamene ankapatsidwa potuluka usilikali, kotchedwa Form 2520. Zikakanika zonsezi, ku The National Archives, nyumba yosungira zolembedwa za boma la Britain imene ili ku Kew mu London, kuli kaundula wotchedwa AIR 78 amene mungathe kumutsitsa pa intaneti mwaulere. Kaundulayu ali ndi mayina ndi manambala basi, choncho ngati dzina la agogo anu ndi lofala ku England mudzapeza anthu ambirimbiri a dzina lomwelo, osadziwa kuti wanu ndi uti.

Pempho lenileni limapita ku Unduna wa Zachitetezo wa ku Britain kudzera pa tsamba la boma la GOV.UK, ndipo mafayilo a asilikali a ndege akhala akuyang'aniridwa ndi ofesi ya RAF ku Cranwell, m'dera la Lincolnshire. Kale munthu ankalipira mapaundi 30, koma kuyambira mu Epulo 2023 undunawu unachotsa malipirowo. Ndikutchula izi chifukwa pa intaneti padzaza anthu odzitcha akatswiri a mbiri ya mabanja amene amalipiritsa ndalama zambiri kuti akulembereni fomu yomweyo imene mungathe kulemba nokha pa foni. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anatsala pang'ono kutumiza ndalama kwa mmodzi wa iwo. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2021 undunawu wakhala ukusamutsa mafayilo a asilikali akale, pafupifupi mamiliyoni 10, kupita ku Kew, ndipo fayilo ikasamutsidwa malamulo ndi malipiro ake amakhala a kumeneko. Werengani tsamba la boma pa tsiku limene mukupemphalo, osadalira zimene wina analemba zaka zapitazo.

Chimene chinandidyera nthawi, ndalama ndi mtendere si Britain ayi, koma chikalata cha imfa cha agogo kuno kwathu. Lamulo la a ku Britain ndi lakuti ngati msilikaliyo sanafere pa ntchito ya usilikali, ndiponso sanabadwe zaka zoposa 116 zapitazo, popanda umboni wa imfa angathe kukubisirani zambiri, poopa kuulula za munthu amene akadali moyo. Agogo anabadwa nkhondo yoyamba itangotha, choncho chikalatacho chinali chofunika. Ndinkaona ngati sichivuta, chifukwa lamulo la atsamunda la mu 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa za anthu osakhala Aafirika, pamene kwa ife eni dziko kulembetsa kunadzakhala kokakamiza posachedwa, pansi pa lamulo la mu 2010 limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kunena kwina, imfa ya agogo aamuna inalembedwa m'kaundula pamene ya agogo aakazi sinalembedwe paliponse, ndipo tsankho limeneli linandipweteka mtima ngakhale kuti nthawi ino linkandithandiza.

Ndinakwera basi usiku kupita ku ofesi ina imene ndinauzidwa kuti imasunga makaundula akale, ndipo ndinafika pakhomo asanatsegule. Kalaliki woyamba anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, “Mayi, zimenezi si za pano, pitani chitseko chachitatu.” Wa pa chitseko chachitatu anandiuza kuti ndiyambe ndalipira ndalama yofufuzira, ndipo kolipirira kunali kunyumba ina. Nditafika kumeneko ndinapeza mzere wautali, ndipo pamene ndinkayandikira pawindo anatseka kuti apite ku nkhomaliro. Masana nditabwerera ndi risiti m'manja, ndinauzidwa kuti mabuku a m'zaka za m'ma 1970 ali m'chipinda chosungira katundu, ndipo bwana amene amasunga kiyi wapita kumsonkhano kunyanja, abwera sabata yamawa. Ndinafunsa mwaulemu kuti, “Bambo, kodi simukanandiuza zimenezi m'mawa ndisanalipire?” Anangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndi wa makolo athu ndipo ndimaulemekeza, koma suyenera kukhala pobisalira pa munthu amene amalandira malipiro a boma kuti atumikire anthu. Kiyi wa chipinda chimene muli mbiri ya anthu zikwizikwi sayenera kuyenda m'thumba la munthu mmodzi. Ndikutuluka, mnyamata wina amene anali atakhala pansi pa mtengo panja anandilonda n'kundinong'oneza kuti ndikamupatsa kangachepe chikalatacho chituluka tsiku lomwelo. Ndinakana, ndipo inunso mukane, chifukwa pepala lotuluka mwa njira imeneyo simungadziwe ngati lachokeradi m'kaundula, ndipo mukukalipereka ku boma la dziko lina. Ndinagona kwa wachibale, ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo ndalama ya basi, ya chakudya ndi tsiku la ntchito zinapita pachabe. Ngati ofesi ili kutali ndi kwanu, tumani wachibale wokhala pafupi akatsimikize kuti buku la chaka chimene mukufunacho lilipo ndiponso kuti wolitsegula alipo, musanagule tikiti.

Ndisanaiwale, pali nkhani ya ubale imene inandisowetsa tulo pachiyambi penipeni. Agogo anga anakwatirana mwa chinkhoswe, popanda setifiketi ya ukwati, ndipo ndinkaopa kuti a ku Britain adzafuna umboni wakuti ndine mdzukulu wawo. Zoona zake n'zakuti chilolezo cha wachibale wapafupi chimakhala chofunika kwambiri ngati munthuyo wamwalira m'zaka 25 zapitazi. Zakazi zikadutsa, amapereka magulu amene msilikaliyo anatumikiramo, masiku ake, malo, maudindo ndi mamendulo kwa aliyense wopempha. Choncho amene makolo anu anakwatirana kumudzi pamaso pa ankhoswe musagwe mphwayi.

Chikalata cha imfa chitatuluka pa ulendo wotsatira, ndinapeza kuti dzina lachiwiri la agogo linalembedwa mosiyana pang'ono ndi limene lili pa kambale ka m'khosi, chifukwa amene analemba kaundula kalelo analemba monga anamvera. Apa ndi pamene nambala ya usilikali inandipulumutsa. Ndinalemba pa fomu dzina monga lilili pa kambale, ndinaikapo nambala ndi tsiku lobadwa, ndipo ndinafotokoza m'mawu ochepa za kusiyana kwa kalembedweko. Sanandifunsenso kanthu. Ndikubwerezanso kuti nambalayo muipeze poyamba, chifukwa dzina limasintha m'manja mwa makalaliki koma nambala siisintha. Kenako kunali kudikira kwa miyezi yambiri, ndipo pa nthawi imeneyo palibe chimene mungachite kupatula kusunga nambala ya pempho lanu.

Amene akuyembekeza buku la nkhani za kunkhondo adzakhumudwa. Chimene chimabwera kwa msilikali wamba wa ndege ndi chithunzi cha fomu yotchedwa Form 543, masamba owerengeka olembedwa pamanja ndi anthu osiyanasiyana, odzaza ndi zidule. Muli tsiku lobadwa, chipembedzo, ntchito imene ankagwira asanalowe usilikali, kutalika kwa msinkhu, mtundu wa maso ndi tsitsi, dzina la wachibale woti adziwitsidwe zikavuta, kenako mndandanda wa malo amene anatumizidwa ndi masiku ake. Mayi anga anakhala chete nthawi yaitali ataona dzina la agogo awo aakazi a ku England, limene anali asanalimvepo, pamodzi ndi mzinda umene ankakhala. Zidulezo zimafuna kufatsa. AC2 ndi udindo wotsikitsitsa umene aliyense ankayambira, kenako AC1, kenako LAC, ndipo agogo anafika pa Cpl, ndiye kuti kopolo. S of TT ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja, PDC ndi malo amene ankasonkhanitsira asilikali asanawakweze sitima ya pamadzi kupita kunja, ndipo VG pa gawo la khalidwe akutanthauza kuti anali wa khalidwe labwino kwambiri.

Fomuyo inathetsa mkangano wa m'banja. Agogo sanaulutsepo ndege, ndipo ku Burma kapena ku Egypt sanapondeko. Anali makaniko wa injini za ndege, ndipo gawo lalikulu la nkhondo analithera pa 22 SFTS, sukulu yophunzitsa oyendetsa ndege ku Thornhill, pafupi ndi Gwelo, mzinda umene lero ndi Gweru ku Zimbabwe. Kuyambira mu 1940 Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, inali ndi masukulu otere ambiri pansi pa Rhodesian Air Training Group: Belvedere, Cranborne ndi Mount Hampden chakufupi ndi Salisbury (lero Harare), Induna, Kumalo ndi Heany chakufupi ndi Bulawayo, ndiponso Guinea Fowl, Moffat ndi Thornhill m'dera la Gwelo. Anasankha dzikolo chifukwa kumwamba kumakhala koyera miyezi yambiri pachaka ndipo kunali kutali ndi ndege za adani. Ku Thornhill ankaphunzitsira pa ndege za mtundu wa Harvard, ndipo injini zake ndi zimene agogo ankakonza. Malume anakhumudwa kumva kuti bambo awo sanali woyendetsa ndege, koma ine sindiona chochititsa manyazi, chifukwa moyo wa mnyamata aliyense wophunzira kuuluka unkadalira manja a anthu ngati iwowo. Zinatithandizanso kumvetsa momwe mnyamata wa ku England anadziwira mbali ino ya Afirika mpaka kudzakhazikika ku Thyolo.

Wofuna kudziwa zimene zinkachitika tsiku ndi tsiku pa malowo ayang'ane mabuku otchedwa Operations Record Book ku Kew. A magulu omenya nkhondo ali pa AIR 27, a mabwalo a ndege ali pa AIR 28, ndipo a masukulu ngati la Thornhill ali pa AIR 29. Mabukuwa kawirikawiri amatchula maofesala ndi oyendetsa ndege, amakaniko satchulidwa kwenikweni, koma amafotokoza ngozi, alendo ndi kuchuluka kwa ophunzira.

Kwa amene agogo anu anali munthu wakuda amene ankalondera mabwalo a ndege amenewa, njira ndi ina. Alonda aja anali m'gulu la Rhodesian Air Askari Corps, limene linali la Southern Rhodesia, choncho poyambira pabwino ndi National Archives of Zimbabwe ku Harare. Ngati anali wa King's African Rifles, monga asilikali ambiri a ku Nyasaland, amenewo anali asilikali a pamtunda ndipo ofesi ya RAF singakuthandizeni, yambirani ku National Archives of Malawi ku Zomba. Kumeneko nakonso nambala ya usilikali ikhoza kukuthandizani.

Chimene chatitsalira ife ndi mamendulo. Fomu ikusonyeza kuti agogo anayenerera Defence Medal ndi War Medal ya 1939 mpaka 1945, koma m'sutikesi ya azakhali mulibe. Mamendulo a nkhondo imeneyi a asilikali a Britain ankaperekedwa osalembedwa dzina, ndipo ambiri sanatenge awo. Ofesi yoona za mamendulo ili ku Innsworth, pafupi ndi Gloucester, ndipo kumeneko wopempha ayenera kukhala wachibale wapafupi kwambiri amene ali moyo, choncho fomu imeneyo adzasayina ndi azakhali, amene ndi mwana woyamba.