Zikomo kwa inu amene munandinyamula, ndi kwa mawu a m'matepi a agogo

Abale ndi alongo, akuluakulu nonse, Loweruka lapitali ndinaima ndi miyendo yangayanga mu NASCAR Hall of Fame, nyumba yosungiramo mbiri ya mipikisano ya magalimoto ya bungwe la NASCAR, mumzinda wa Charlotte, ku North Carolina, ndodo ili kudzanja lamanzere, ndikuyang'ana magalimoto akale a mpikisano atandandalikidwa pamsewu wopendekeka umene amautcha Glory Road. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinali chigonere m'chipatala kuno ku Indiana. Sitiroko inali itandipha mkono ndi mwendo wakumanja, lilime litalemera moti dzina la mwana wanga yemwe linkandikanika. Ndiye lero ndati ndisakhale chete ngati kuti ndinadzuka ndekha.

Ndiyambe ndi mayi a kunyumba. Munkaweruka ntchito ya usiku m'bandakucha n'kubwera molunjika kudzandimwetsa phala ndi sipuni, maso ali psuu ndi tulo. Phala likatayikira pachibwano munkapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza kundiuza za ana ngati palibe chachitika. Zikomo mayi. Amalawi anzanga a ku South Bend ndi madera oyandikira, munasonkha ndalama ya lendi miyezi itatu ine osapempha. Amayi a kumpingo, munkasinthana masiku obweretsa nsima, ndipo wina mwa inu anapereka usipa wake womaliza umene anabwera nawo kuchokera kumudzi. Amayi anga ku Ntcheu, mapemphero amene munkajambulitsa pafoni ya mdzukulu wanu ankafika kuno usiku, ndipo ndinkawamvetsera foni ili pansi pa pilo. Anamwino, madokotala, ndi mayi uja wondiphunzitsa kulankhula, amene sanatope nane ngakhale tsiku limodzi, Mulungu akudalitseni.

Pali munthu wina amene ambiri mwa inu simumudziwa. Ndi mwana wamkazi wa agogo ena achizungu amene ndinawasamalira kunyumba kwawo zaka zisanu ndi ziwiri mpaka pamene anatisiya. Atamva kuti ndadwala, anafika kwathu ndi makatoni atatu a matepi a VHS pamodzi ndi makina ake oonetsera, n'kunena kuti bambo ake akanakonda kuti zinthuzi zikhale ndi ine. Ena mwa inu munandifunsapo kuti munthu wa ku Ntcheu masewera a magalimoto ozungulira bwalo anawadziwira kuti. Ndinawadziwira m'makatoni amenewo.

Agogowo anabadwira ku North Carolina, ndipo moyo wawo wonse anali makaniko. Zala zawo zinali zokhotakhota, zikhadabo zakuda kumphepete ngakhale panali patapita zaka asanagwire sipanala. Lamulungu lililonse masana ndikawakhazika pampando wawo, ankaloza katoni n'kutchula chaka. Tepi iliyonse inali ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo: bwalo, chaka, wopambana. Poyamba ndinkangoona magalimoto akuzungulira basi. Iwo ndi amene ananditsegula maso. Anandionetsa mmene galimoto yakutsogolo imang'ambira mphepo, yakumbuyo n'kumamatira pabampala pake kuti isunge mphamvu, kenako n'kutulukira pambali nthawi ikakwana. Anandiuza kuti dalaivala wina, Junior Johnson, ndi amene anatulukira nzeru imeneyi pa bwalo la mpikisano la ku Daytona mu 1960, n'kupambana ndi galimoto imene inali yochepa liwiro poyerekeza ndi za anzake.

Nkhani ya Junior Johnson inandifika pamtima chifukwa inali ngati yakwathu. Masewerawa anakulira pakati pa anthu osauka a m'mapiri, otcheza mowa wawo wonga kachasu n'kumauzembetsa usiku pagalimoto zooneka wamba koma injini zake atazisintha kuti apolisi asawapeze. Johnson, wa ku Wilkes County, anagwidwa pamalo otchezera mowa a bambo ake mu 1956 n'kukhala kundende miyezi 11. Pulezidenti Ronald Reagan anadzamukhululukira mu 1986. Bungwe la NASCAR analikhazikitsa ndi Bill France Sr. mu 1948, ndipo pa mpikisano woyamba wa magalimoto wamba ku Charlotte mu 1949, Glenn Dunaway amene anafika poyamba analandidwa chipambano chifukwa masipuling'i akumbuyo a galimoto yake anali olimbitsidwa monga ankachitira ozembetsa mowa. Chipambano chinapita kwa Jim Roper. Loweruka lija ndinaona ndi maso anga zida zotchezera mowa zimene Johnson anamanga yekha m'nyumba yosungiramo mbiriyo, migolo ndi mipope yake. Aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa kuseri kwa nyumba kumudzi angazizindikire nthawi yomweyo.

Koma chimene agogo ankakonda kwambiri sichinali magalimoto. Anali mawu a oulutsa. Nthawi zina ankazimitsa mawu a kanema n'kutsegula MRN, wailesi youlutsa mipikisanoyi, kuti amve oulutsa ake, amene amaima m'makona osiyanasiyana a bwalo n'kumapatsirana mpikisano ngati opatsirana ndowa pozima moto. Barney Hall ndiye anali wapamtima pawo, munthu wa mawu odekha wosadziwa kukuwa pachabe. Ine ndikamamva zimenezi ndinkakumbukira ubwana wanga, titazungulira kawailesi ka mabatire oanika padzuwa, tikumvera Bullets ndi Wanderers pa MBC, tikuona chigoli chilichonse ndi makutu. Ndinawauza agogo zimenezi tsiku lina, iwo anangogwedeza mutu n'kundigwira dzanja.

Nditatuluka m'chipatala, mayi wondiphunzitsa kulankhula anati ndizitchula mawu mokweza tsiku lililonse, alionse amene ndimawakonda. Ndinaika tepi ya Daytona 500 ya pa 18 February 1979. Aka kanali koyamba kuti kanema wa CBS aonetse mpikisano umenewu wonse, mamailosi 500, kuyambira poyamba mpaka pomaliza nthawi yomwe ukuchitika. Tsiku limenelo chipale chofewa (sinowo) chinatsekera anthu m'nyumba m'madera ambiri a kum'mawa kwa America, motero ngakhale amene sankawadziwa masewerawa anakhala pansi n'kuonera. Pa raundi yomaliza Donnie Allison ndi Cale Yarborough anali patsogolo, akukhulana mbali ndi mbali mpaka onse awiri anakamenya khoma n'kutsetserekera pakapinga. Richard Petty, amene anali kutali m'mbuyo, anadutsa n'kupambana. Kenako woulutsa Ken Squier anakweza mawu kuti kwabuka ndewu, kamera n'kutembenukira kwa Yarborough ndi abale awiri a Allison, Donnie ndi Bobby, akulimbana m'matope.

Tepi imeneyo ndinaibwereza kosawerengeka. Squier akatchula dzina, ine ndinkaimitsa makina n'kuyesa kulitchula. Malovu ankatuluka, mawu osatuluka. Tsiku lina m'mawa, mayi a kunyumba ali kukhitchini, dzina loti Petty linatuluka lonse bwinobwino. Anasiya poto pamoto n'kuthamangira kuchipinda. Yarborough linanditengera masabata angapo chifukwa limafuna lilime lopindika. Madzulo a tsiku limene ndinalitha, mwana wanga atabwera kusukulu ndinamuitana ndi dzina lake, iye n'kuima pakhomo chikwama chili kumsana, osasuntha.

Ken Squier anamwalira mu November 2023 ali ndi zaka 88. Barney Hall anatsogola mu 2016. Benny Parsons, katswiri wa 1973 amene anadzakhala woulutsa wa kanema wa ESPN pamodzi ndi Bob Jenkins ndi Ned Jarrett, anamwalira mu 2007, ndipo Jenkins, mwana wa konkuno ku Indiana, mu 2021. Anthu amenewa sanandidziwepo, koma anakhala nane m'chipinda miyezi imene sindinkatha kutuluka panja, ndiye nawonso ndikuwathokoza.

Tepi imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Daytona 500 ya 1993. Ned Jarrett anali pa maikolofoni a CBS, ndipo pa raundi yomaliza mwana wake Dale Jarrett anali patsogolo, Dale Earnhardt ali pabampala pake. Oulutsa anzake anakhala chete n'kumusiyira. Ned anaiwala kuti dziko lonse likumumva, anayamba kulankhula ndi mwana wake ngati ali naye m'galimotomo, kumuuza potsekera, kumulimbikitsa kuti asamupatse mpata. Kamera inaonetsa mayi a Dale atakhala m'galimoto ina, akulephera n'kuyang'ana komwe. Mwanayo anapambana. Pambuyo pake Ned anakapepesa kwa Earnhardt chifukwa chokondera, Earnhardt n'kumukumbutsa kuti nayenso ndi bambo. Agogo ankalira nthawi iliyonse tikaonera tepiyi. Kale ndinkaganiza kuti ndi ukalamba. Nditaionera ndekha ndili pa wilitcheya, mwana wanga atatsamira phewa langa lakufa lija, ndinawamvetsa.

Panali tepi imodzi imene pakapepala pake sanalembepo dzina la wopambana, koma tsiku lokha: 18 February 2001. Earnhardt, mwini galimoto yakuda ya nambala 3, anali atatenga ukatswiri wa chaka kasanu ndi kawiri, mofanana ndi Petty. Daytona 500 inamuvuta zaka zambiri mpaka anaipambana mu 1998 atayesa ka 20, ndipo tsiku limenelo amakaniko a matimu onse anandanda kuti amugwire dzanja. Mu 2001 kanali koyamba kuti kanema wa Fox aulutse Daytona 500, Darrell Waltrip ali pa maikolofoni, mng'ono wake Michael ali patsogolo, Dale Earnhardt Jr. ali wachiwiri. Darrell anakuwa ndi chimwemwe mng'ono wake akupambana, koma pakona yomaliza galimoto yakuda ija inali itamenya khoma. Mukamvetsera bwino mumamva chimwemwecho chikuzilala, iye akufunsa ngati Dale ali bwino. Earnhardt anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 49. Chaka chisanathe NASCAR inalamula kuti madalaivala azivala chida chogwira mutu ndi khosi, chonga HANS, kenako makoma a mabwalo anayamba kuikidwa zofewetsa. Tepi imeneyi ndinaiopa miyezi yambiri. Ndinaionera tsiku limene ndinayenda koyamba kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini popanda wondigwira, ndipo nditatha ndinakhala duu nthawi yaitali, ndikuganiza za amene anagona nane wodi imodzi koma sanatuluke.

Sindingabise kuti masewerawa ali ndi bala lake kwa ife anthu akuda. Agogo sanandibisire. Iwo ndi amene anandiuza za dalaivala wakuda Wendell Scott wa ku Danville, Virginia, amene ankadzikonzera yekha galimoto ana ake akumuthandiza. Pa 1 December 1963 anapambana ku Jacksonville, ku Florida, koma analengeza Buck Baker. Anadzavomera kuti wopambana anali Scott anthu atabalalika kale, ndipo chikho sanachilandire ali moyo. Banja lake linadzapatsidwa chikho mu 2021, chaka chomwe Bubba Wallace anapambana ku Talladega n'kukhala munthu wakuda wachiwiri kupambana pa mlingo wapamwambawu. Scott analowetsedwa mu Hall of Fame mu 2015. Nditaona dzina lake kumeneko ndinavula chipewa.

Mipikisano ya masiku ano ndimaonerabe, ndipo anyamata ake ndi aluso. Koma kunena zoona mtima wanga uli m'matepi muja. Chiyambire 2017 mpikisano amaudula m'magawo, zolemba zimadzaza kanema yense, ndipo oulutsa amalankhula mosalekeza. Akale aja ankadziwa nthawi yokhala chete kuti umve injini. Ankadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, kuti bambo ake anagulitsa chiyani kuti agule matayala, ndipo ankakuuza ngati mmene agogo amafotokozera mbiri ya mudzi.

Achimwene amene munandiyendetsa tsiku lonse kuchoka ku Indiana kukafika ku Charlotte, mukuima paliponse pamene mwendo wanga wauma kuti ndiwongole, inu simudziwa n'komwe kusiyana kwa Petty ndi Earnhardt, koma munayenda pambali panga pamsewu wopendekeka uja, dzanja lili chire kumsana kwanga kuopa kuti ndingagwe. Zikomo kwambiri. Mphwanga amene wakhala akusamutsira matepiwa pakompyuta imodziimodzi asanaonongeke, watsala ndi katoni imodzi, ndipo ndikuona khama lako. Kwa mwana wa agogo, chithunzi cha bambo anu chinali m'thumba la malaya anga ulendo wonse, ndipo ndinachitulutsa titafika pa zida za Junior Johnson.

Mkono wakumanja sunabwerere wonse, moti mawu awa ndalemba ndi dzanja lamanzere masiku anayi. Dokotala wati ndingayambe kugwira ntchito yopepuka mwezi wamawa. Mu February, tsiku la Daytona 500, khomo lathu lidzakhala lotsegula kuyambira m'mawa. Mayi a kunyumba ati adzaphika nsima ya onse, ndipo mpikisano usanayambe ndidzaika tepi ya 1993 kuti mudzamve nokha Ned Jarrett akulankhula ndi mwana wake.