Zikomo nonse, amayi atuluka m'chipatala

Abale ndi anzanga, amayi atuluka Lachisanu, ndipo madokotala ati sakufunikanso makina osefa magazi. Mauthenga anu ndalephera kuwayankha onse, choncho ndilole ndikuthokozeni pano.

Ambiri munkandifunsa kuti kutsegula m'mimba chabe kungagwetse bwanji impso, ngati mmene zinachitikira kwa amayi. Nanenso funsoli linkandisowetsa tulo, mpaka dokotala wina wachitsikana anakhala nane pansi usiku wina n'kundijambulira papepala. Adokotala, pepala lija ndasunga.

Anati impso iliyonse ili ndi tosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kalikonse kali ndi kachubu kake. Pa tsiku impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, koma mkodzo umangotuluka lita imodzi ndi theka. Ena onsewo amabwezedwa m'magazi ndi maselo a m'timachubuti, ndipo ntchitoyo imachitikira pa kakhungu kopyapyala kokuta selo lililonse. Kumbali yoyang'ana m'kati mwa chubu, kakhunguko kali ndi timaubweya tothinana ngati bulashi, tomwe amatitcha brush border, kuti malo oyamwira akule. Chigawo choyamba cha chubu chokhacho chimabweza magawo awiri mwa atatu a madzi ndi mchere, komanso shuga pafupifupi yense. Kumbali yoyang'ana ku magazi, kakhunguko kamapindikapindika, ndipo m'makwinyamo mwadzaza mitochondria, zopangira mphamvu, moyandikana ndi timapampu tomwe timatulutsa mu selo tizigawo titatu ta mchere wa sodium n'kulowetsamo tiwiri ta mchere wa potassium nthawi iliyonse. Timapampu timeneti sitipuma. N'chifukwa chake maselowa sapirira okosijeni akachepa. Madzi atatha m'thupi mwa amayi, magazi opita ku impso anachepa, timaubweya tija tinathothoka, timapampu tinasokera kumbali yolakwika, ndipo maselo akufa anatseka timachubu. Mkodzo unangotsala pang'ono kusiyiratu.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi mawu omaliza a adokotala aja: maselo amenewa amatha kumeranso. Makina sachiritsa impso, amangogwirizira ntchito podikira kuti maselo otsalawo achulukane n'kuvalanso ubweya wawo. Ndiye kwa milungu itatu tinkadikira zinthu zoti maso sangaone.

Anamwino, inu ndiye munaona misozi yanga yambiri. Munkayeza mkodzo ola ndi ola osanyinyirika. Tsiku lomwe thumba la mkodzo linadzaza ndinalumpha ngati mwana (sindinkadziwa kuti munthu angavinire mkodzo), koma mmodzi wa inu anandikhazika pansi n'kundiuza kuti timachubu tikangoyamba kuchira sititha kubweza madzi bwino, choncho amayi akanatha kuumanso thupi. Munawonjezera madiripu, munkayang'ana potassium m'magazi m'mawa uliwonse. Mukanandisiya ndi chisangalalo changa chija, bwenzi ndikunena zina lero.

Achimwene, zikomo chifukwa chogona pampando masiku onse aja kuti ine ndikapumeko. Azakhali, munasunga ana anga ngati anu. Anzanga akuntchito munanditengera ntchito zanga osawerengera, ndipo inu amene munkangolemba kuti "tikukupemphererani", dziwani kuti ndinkawawerengera amayi mauthengawo mokweza, ngakhale pamene ankaoneka ngati sakumva. Atatsitsimuka anatchula mayina ena a inu.

Ulendo sunathe. Sabata yamawa amayi apitanso kukayezetsa creatinine, chinthu cha m'magazi chosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa impso zikavulala chonchi zimafunika kuziyang'anira kwa nthawi. Amene mukufuna kudzawaona bwerani ndithu, akukufunsani. Koma ndapota nanu, musawabweretsere mankhwala aliwonse, kaya azitsamba kaya opha ululu monga ibuprofen, chifukwa adokotala aletsa onse amene sanawalembere okha.