Lachitatu mu labu: maselo a munthu safulumizidwa

Ndinalowa mu labu kusanache bwino, poti lero linali tsiku losintha madzi a chakudya m'mbale zonse. Madziwa ndi apinki, ndipo mumakhala shuga, mchere, mavitamini ndi zina zimene selo limafuna. Mulinso utoto wa phenol red umene umasanduka wachikasu asidi akachuluka, moti ukangotsegula incubator, kabati yofunda yosungiramo mbalezo, umadziwiratu mbale zimene zagona ndi njala. Ndinayambira zimenezo, kenako zinazo, n'kuzibweza msangamsanga m'malo mwake, mmene mumatentha madigiri 37 ndiponso muli mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti.

Kwa amene mwangoyamba kuwerenga zolemba zangazi, zimene ndimaweta m'mbalemo ndi ma stem cell, maselo amene sanasankhebe kuti adzagwira ntchito yanji m'thupi. Athuwa sanachokere ku mluza ayi. Anachokera pakhungu la anthu amene anavomera kupereka kachidutswa kakang'ono kuti tichitire kafukufuku. Njira yake anaitulukira Shinya Yamanaka wa ku yunivesite ya Kyoto, poyamba pa mbewa mu 2006, kenako pa maselo a anthu mu 2007. Ukalowetsa majini (malangizo achibadwa amene selo limatsatira) anayi okha, Oct4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc, selo la pakhungu limaiwala zoti linali khungu n'kubwerera ku ukhanda. Mu 2012 analandira nazo mphoto ya Nobel limodzi ndi John Gurdon. Ife timatenga maselo oterowo, n'kuwatsekera njira zoti asanduke minofu ina, ndiye okha amalowera ku ubongo. Tikawakulunga mu kadontho ka Matrigel, phala la mapuloteni limene maselo amagwirirapo, n'kuwaika pa makina ogwedeza pang'onopang'ono, amakula n'kukhala timibulu toyera ta mamilimita 3 kapena 4. Timibulu timeneti ndi timene timati ma organoid.

Cha m'ma 10 koloko ndinali pa cryostat, makina odulira ma organoid m'tizigawo, amene mkati mwake mumazizira madigiri 20 pansi pa ziro. Zala zimachita dzanzi, ndipo kagawo kalikonse ndi kopyapyala kuposa tsitsi, kakangopindika ndiye kuti katayika. Mtsikana wa masters amene wangobwera kumene ankandionerera, kenako n'kufunsa motsitsa mawu.

"Adokotala, pepani, kodi sizikumva kuwawa zimenezi?"

Ndinamuuza kuti zimene tikudulazi zinafa kale m'mankhwala oumitsira. Ngakhale zamoyo zili mu incubator zija zilibe khungu, maso, kapena mitsempha yobweretsa uthenga wa ululu, ndipo zilibe ngakhale magazi. Manyuzipepala amakonda kuzitcha tiubongo ting'onoting'ono, ndipo ine zimenezo zimandinyansa, chifukwa zimapatsa anthu mantha osayenera komanso chiyembekezo chosayenera. Koma sindinamuseke. Mu 2022 gulu la Sergiu Pasca ku Stanford linaika ma organoid a munthu mu ubongo wa tiana ta makoswe, ndipo maselowo analumikizana ndi a khosweyo mpaka ankayankha ndevu zake zikakhudzidwa. Kafukufuku akafika pamenepo, funso la mtsikanayu limafunika yankho lenileni, ndipo ndi ntchito imene makomiti oona za chikhalidwe pa kafukufuku anaikidwira.

Chimene chinandisangalatsa lero chinali m'chipinda chamdima cha maikulosikopu. Magalasi okhala ndi tizigawo ta organoid amene ndinapaka utoto kumayambiriro kwa sabata anatuluka bwino kwambiri. M'mphepete mwa organoid munali timabwalo tambirimbiri, kalikonse kali ndi kabowo pakati. Pozungulira kabowo panathithikana maselo ofiira, okhala ndi puloteni yowazindikirira yotchedwa SOX2, ataima ndondolo ngati masipoko a njinga. Amenewa ndiwo makolo, ntchito yawo ndi kugawikana. Kunja kwawo kunali mzere wopyapyala wa maselo a TBR2, ndipo kunja kwenikweni kunali obiriwira a CTIP2, amene ndi ma neuron enieni, maselo otumiza mauthenga mu ubongo. Palibe amene anawauza poima. Mwa mwana wosabadwa zimachitikanso chimodzimodzi: ma neuron oyamba kubadwa amakhala pansi, obwera pambuyo amakwera motsatira ulusi wa makolo aja, n'kuwadumpha akulu awo kukakhala pamwamba, mpaka chikuto cha ubongo chikhale ndi magawo 6. Zinthu zimenezi sungazione mwa mayi woyembekezera, koma ine ndinkaziona pa kompyuta khofi ali pambali. Pakati penipeni pa organoid panali bii, pakufa. Popanda mitsempha ya magazi okosijeni safika mkati, ndipo vuto limeneli likutisautsa tonse amene tili pa ntchitoyi.

Kafukufuku wanga ndi wa microcephaly, vuto limene mwana amabadwa ndi mutu ndi ubongo waung'ono kwambiri. Njira imene ndimagwiritsa ntchito anaifalitsa Madeline Lancaster mu 2013, nayenso ali postdoc ngati ine, kutanthauza wofufuza amene wamaliza PhD ndipo akugwira ntchito ya kontirakiti, mu labu ya Juergen Knoblich ku Vienna. Anatenga maselo a wodwala amene jini yake ya CDK5RAP2 inali yolakwika, n'kupeza kuti makolo aja ankasiya kugawikana nthawi isanakwane. Ankathamangira kusanduka ma neuron, gwero n'kuuma msanga. Kachilombo ka Zika katavuta ku Brazil mu 2015 ndi 2016, ma organoid omwewa anathandiza kusonyeza kuti kamalowa m'maselo a makolo omwewo n'kuwapha. Mu organoid za odwala zimene ndinaona lero, timabwalo tofiira tinali tating'ono poyerekeza ndi ta anthu abwinobwino. Mtima unagunda, koma ndinadziletsa.

Ndinachita bwino kudziletsa, chifukwa pa msonkhano wa labu masana a Pulofesa sanachedwe.

"Zaoneka bwino, koma maselo a odwalawa ndi a anthu angati?"

"Pakali pano ndi ochepa, a Pulofesa."

"Ndiye mukudziwa bwanji kuti ndi jiniyo, osati kungosiyana kwa munthu ndi munthu?"

Ananena zoona. Ma organoid amasiyana ngakhale atachokera m'mbale imodzi, nanji a anthu osiyana. Chofunika ndi kutenga maselo a wodwala yemweyo, kukonza jini yolakwikayo ndi CRISPR, njira yodulira ndi kusinthira majini, n'kuyerekeza awiriwo, pamene kusiyana kwawo kuli pamalo amodzi okha. Kunena n'kosavuta. Kuchita kwake ndi miyezi yosankha maselo, kuwayeza, kenako n'kuyambiranso kuweta ma organoid kuchokera pachiyambi.

Apa m'pamene pagona nkhani ya ntchito yathuyi. Mbewa imapanga ma neuron a chikuto cha ubongo wake pafupifupi m'sabata imodzi, pamene munthu amatenga miyezi. Chodabwitsa n'chakuti ukawachotsa m'thupi n'kuwaika m'mbale zofanana, chakudya chimodzi, kutentha kumodzi, maselo a mbewa amathamangabe ndipo a munthu amayendabe mwachifatse. Wotchi yoyendetsa liwiroli ili mkati mwa selo. Ndipo kuchedwako ndi mbali ya chimene chimatipanga kukhala anthu, chifukwa makolo akagawikana nthawi yaitali amabala ana ambiri, mpaka ubongo kufika pa ma neuron pafupifupi 86 biliyoni. Ine ndimaona kuti funso la wotchi imeneyi ndi lalikulu kuposa onse m'gawo lathu. Tsoka lake, kontirakiti ya postdoc nthawi zambiri imakhala ya zaka ziwiri kapena zitatu. Ukafuna kuona magawo apamwamba a ubongo, organoid iyenera kukhala miyezi yambiri osagwidwa ndi nkhungu kapena mabakiteriya. Werengani nokha kuti munthu angayese kangati kontirakiti isanathe, pamene ofuna kukulemba ntchito akufunsa mapepala amene wasindikiza. Anzathu ena amathawira ku mafunso aafupi, oyankhika m'masabata ochepa. Sindiwaweruza, koma sayansi imataya zambiri pamenepo.

Madzulo ndinalemba ndime ziwiri za pempho la ndalama za kafukufuku, n'kufufuta imodzi. Zotsatira zoyeza mycoplasma, tizilombo toononga maselo m'mbale, zinabwera, mbale zonse zilibe, ndipo ndinapuma. Ndisanatuluke ndinaika Matrigel pa ayezi mu firiji kuti isungunuke usiku wonse, poti ikangofunda imaundana n'kukanika kuikoka. Mawa m'mawa ndikatulutsa kabotolo ka maselo a wodwala m'thanki ya nitrogen, mmene mumazizira madigiri 196 pansi pa ziro, kuti ntchito ya CRISPR iyambike.

Pakhomo ndinakumana ndi mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, atanyamula kale chikwama.

"Achimwene, sabata ino tigawana bwanji?"

"Loweruka ndibwera ine, inu mudzabwere Lamlungu. Koma mbale za pa shelefu yapamwambazo musadzazigwedeze, maselo ake angoyamba kumene kugwirana."